Chikho cha sitar yanga chang'aluka, ndimate ndi chiyani?

Kanyimbi_Chirimba
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto loti mwina ena mundiseka nalo, koma ine usiku wathawu tulo sindinatione. Ndili ndi sitar, choimbira cha ku India chija cha khosi lalitali ndi nsambo zambirimbiri. Ndinaigula ku Miraj, ku India komweko, nthawi imene ndinkaphunzira ku Pune, ndipo ndinavutika nayo m'ndege mpaka kufika nayo ku Blantyre kuno ili bwinobwino. Zaka 6 yakhala m'nyumba muno osadwala. Dzulo madzulo ndinaitsamiritsa pakona kuti ndikayankhe foni, kamwana ka mchemwali wanga kali kuthamangitsa mphaka, ndangomva kuti phwa! Sitar ili gone pa simenti.

Khosi lili bwino, nsambo yaduka imodzi yokha. Koma chikho chachikulu cha kumunsi chija, chomwe eni ake amati tumba, chang'aluka. Mng'alu wayambira m'mbali, cha pamene chimatsamira paphazi poimba, n'kuyenda ngati masentimita 12. Pakati pake pali kamalo kobonyoka kukula kwake ngati chala chachikulu, kachidutswa kalowa m'kati pang'ono koma sikanathothoke. Ndikagogoda pafupi napo pakumveka ngati mbale yosweka.

Mnzanga wina akuti ndingothira supa guluu nkhani ithe. Mtima wanga ukukana. Kubwerera nayo ku India ndiye maloto chabe. Alipo amene anakonzapo zoterezi?

Chigubu_265
Supa guluu wa pa hawker ndi soda pang'ono. Mphindi 5 mwayamba kuimba. Musavutike ndi zinthu zazing'ono achimwene.

Kalipentala_Ndirande
A Chigubu, si sandasi imeneyo. A Kanyimbi, musanagule chilichonse, chitani ichi lero lomwe: masulani nsambo zonse, pang'onopang'ono, iliyonse pang'ono mozungulira mpaka zonse zitafooka. Mukazisiya zili zothina, chikhocho chikukokedwabe ndipo mng'aluwo uziyenda wokha usiku inu muli mtulo. Chachiwiri, musalowetsemo chala kufuna kuona kuzama kwake. Mafuta a m'manja akalowa m'mphepete mwa mng'alu guluu sagwira bwino. Chachitatu, sesani pamene inagwerapo, kachidutswa kalikonse ngakhale kachepe ngati njere ya mpunga kasungeni m'bokosi la machesi.

Kanyimbi_Chirimba
Zikomo bambo Kalipentala. Ndamasula. Tizidutswa ndapeza titatu pansi pa mpando, ndasunga.

WakuPune_2
Eee achimwene, mwachita bwino kumasula, koma ndikhulupirira munayamba mwaika chizindikiro pamene panakhala jawari. Kwa amene simukudziwa, jawari ndi kampando kaja ka fupa kamene nsambo zimadutsapo pa thabwa la kumaso. Kamakhazikika ndi mphamvu ya nsambo zomwezo, ndiye mukamasula kakhoza kusuntha. Kakasuntha ngakhale pang'ono, zitsulo zonse za pakhosi zija zimayamba kunama mawu. Tengani tepi ya pepala mumate mozungulira miyendo yake, kapena lembani ndi pensulo mopepuka. Ndipo pali tiwiri, kakakulu ka nsambo zapamwamba ndi kakang'ono ka tarab, nsambo za pansi zija zomwe zimangolira zokha.

Pamwamba pa jawari musapakhudze ndi sandipepa kapena mpeni, olo muone ngati pada. Kupendekeka kwa pamenepo ndi kumene kumabweretsa kulira kwa njuchi kuja. Alipo amisiri kuno amene ntchito yawo ndi kusema pamenepo basi.

Kanyimbi_Chirimba
Mwandichedwera pang'ono kkkk. Koma mwamwayi pa vanishi pali kachizindikiro koyererako pamene kanakhala zaka zonsezi. Ndamata tepi motsatira pomwepo.

NaMbewe_Leicester
Kodi mwana uja sanavulale? Aliyense akungolira chikho.

Kanyimbi_Chirimba
Ali bwinobwino achemwali, wadya nsima yake n'kugona. Mphaka ndi amene sanabwerebe.

MdzukuluWaNsanje
Ine ndangodabwa kumva kuti choimbira chodula chonchi kumunsi kwake ndi chikho wamba. Ndimayesa ndi thabwa losema. Ngati ndi chikho ndiye palibe chachilendo apa. Agogo anga aamuna ankapanga valimba kwathu ku Nsanje, ndipo pansi pa thabwa lililonse pankalendewera chikho chake, chachikulu ku mawu aakulu, chaching'ono ku mawu aang'ono. Chikang'aluka sankataya. Ankatenthetsa kawaya pamoto, n'kuboola timabowo mbali zonse ziwiri za mng'alu, n'kusoka ndi luzi ngati akusoka bala. Akatero ankamata phula pamwamba. Zikho zina zinali ndi zipsera zitatu zinayi koma zikulirabe bwinobwino. Amayi nawonso chipanda cha thobwa ankachisoka chimodzimodzi.

Bwanji osangosoka?

Kalipentala_Ndirande
Nzeru ya agogo anu ndi yabwino pa valimba, chifukwa chikho cha valimba chimangolendewera, sichinyamula katundu. Ntchito yake ndi kusunga mpweya basi. Ichi ndi china. Chikho cha sitar ndi mbali ya thupi, chinamatidwa ku thabwa la kumaso ndi ku khosi, ndipo nsambo pafupifupi 20 zimakokera kumapeto kwake. Msoko wa luzi umalola mbali ziwirizo kusuntha pang'ono, ndiye pazingomveka kunjenjemera. Komanso phula ndi mdani wa guluu. Mukapaka phula lero, mawa mukafuna kumata bwino palibe chimene chidzagwire pamenepo.

MdzukuluWaNsanje
Chabwino ndamva. Koma musanyoze kunjenjemera, kwathu timachita kukufuna dala. Pa chikho chilichonse ankaboola kabowo n'kumatapo kansalu koyera kaja kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma, kuti mawu azituluka ndi kamkokomo. Masiku ano anyamata amangomatapo kapepala ka jumbo.

WakuPune_2
Zimenezi ndi zosangalatsa chifukwa Amwenye nawo amafuna zomwezo, kungoti amazitengera pa jawari. Pa tanpura, choimbira chinzake cha sitar chokhalanso ndi chikho ndi khosi lalitali, amachita kulowetsa kaulusi pakati pa nsambo ndi jawari, n'kumakasuntha mpaka mawu atatseguka n'kuyamba kulira ngati dzombe lili patali. Makutu a anthu sasiyana kwenikweni.

Mbira_Mbare
Ife kuno ku Harare mbira imalowa mu deze, chikho chachikulu chokhala ndi zitsekero za mabotolo m'mphepete. Koma ambiri tsopano agula za fibreglass chifukwa chikho chenicheni ulendo umodzi wa pa kombi chatha. Kodi za sitar za fibreglass kulibe?

WakuPune_2
Zilipo, ndipo palinso zina zopyapyala za thabwa lokhalokha zoyenda nazo pa ulendo. Koma kusintha chikho chonse si ntchito ya masewera, mpaka kuchotsa tabli, thabwa la kumaso lija, ndi kumasula pamene chikho chinalumikizana ndi khosi. Ya a Kanyimbi sinafike pamenepo.

Chigubu_265
Mwalemba mabuku onsewa koma palibe amene wanena chimene chalakwika ndi supa guluu. Ine ndinamata gitala yanga ndipo mpaka lero ikulira.

Mai_Fiddle_Joni
Ndiyankhe ineyo. Ndimathandiza pa shopu ina kuno ku Johannesburg yokonza mavayolini ndi magitala, ndipo sitar ndi tanpura zimabwera apo ndi apo, pakuti Amwenye kuno ndi ku Durban ndi ambiri. Sindikuti supa guluu ndi satana. Pa kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kosatseguka, wamadzimadzi uja amalowa yekha n'kugwira, ndipo akatswiri ena amamugwiritsa ntchito. Koma pa vuto la a Kanyimbi ali ndi zoipa zake.

Amauma msanga kwambiri. Apa pali kachidutswa kolowa m'kati kofunika kukakoka kuti kafanane ndi anzake, ndipo ntchito imeneyo imafuna nthawi. Mukathira supa guluu kali chibonyokere, kauma momwemo mpaka kalekale. Komanso chikho m'kati mwake ndi chofewa ngati siponji, chimamwa guluuyo n'kuuma gwa ngati galasi, pamene mbali zina zonse zikupuma ndi nyengo. Nthawi zambiri mng'alu watsopano umadzayamba pambali pomwepo. Chinanso, akadontha pa polishi amasiya chipsera choyera chosachoka. Ndipo mukalakwitsa, kubweza n'kovuta.

Chomwe amisiri akale ankagwiritsa ntchito ndi guluu wa zikopa ndi mafupa, amene amasungunulidwa m'madzi otentha. Ubwino wake ndi woti mukalakwitsa, madzi ofunda ndi kutentha pang'ono amamasuka, mwayambiranso. Kuipa kwake ndi koti akazizira amalimba m'kamphindi kochepa, ndiye amafuna manja ozolowera. Kwa munthu amene akuyamba kumene ndingati guluu wa matabwa, woyera kapena wachikasu uja. Amakupatsani mphindi zingapo zokonza zinthu, ndipo wotuluka pambali mumangopukuta ndi kansalu konyowa.

Epoxy, guluu wochita kusakaniza mitundu iwiri uja, musiyeni, pokhapokha chikho chitaphwanyika ngati dzira.

Chigubu_265
Chabwino amayi, ndagonja theka.

Kalipentala_Ndirande
Theka linalo mudzagonja gitala yanuyo ikadzafuna kutsegulidwa.

WakuPune_2
Kuonjezera pa za guluu, ngakhale ku Miraj komweko masiku ano chitini cha Fevicol mumachipeza pafupifupi m'shopu iliyonse, ndipo Fevicol ndi guluu woyera wa matabwa yemweyo. Ndiye a Kanyimbi musadzione ngati mukuchimwira makolo a eni ake.

Ine ku Miraj ndinapitako chaka chatha pa sitima kuchokera ku Pune kuno, maola ngati 6. Ndi tauni ya m'boma la Sangli, ku Maharashtra komwe kuno. Mukalowa m'tinjira ta amisiri aja mutu muziweramitsa, zikho zili lendelende kudenga, zina zazikulu zoti mwana akhoza kubisalamo. Zambiri zimachokera cha ku Pandharpur, m'mbali mwa mtsinje wa Bhima, ndipo amalima dala za ntchito imeneyi, si zodya. Amaziumitsa miyezi yambiri, kenaka pofuna kudula amayamba aziviika m'madzi kuti zifewe. Mabanja ake ena dzina lawo lenilenilo ndi Sitarmaker, ntchito ya agogo awo kuyambira zaka za m'ma 1800. M'chaka cha 2024 boma la India linapereka chizindikiro cha GI ku sitar ndi tanpura za ku Miraj, kutanthauza kuti wina sangapange yake kwina n'kumati ndi ya ku Miraj. Woimba wotchuka uja Abdul Karim Khan, amene anamwalira mu 1937, manda ake ali komweko, ndipo chaka chilichonse oimba amasonkhana kukaimba pamenepo.

Chimene ndinaona n'choti chikho chong'aluka kwa iwo si maliro. Pakona paliponse pali choimbira chodikira kumatidwa.

Kanyimbi_Chirimba
Mwandikumbutsa kutali. Tsiku limene ndinakatenga yanga, mkulu wake anandikhazika pansi maola awiri akusema jawari, kuliza, kusema, kuliza, ine njala ili pwi. Ndiye mumvetse chifukwa chake mtima ukuwawa.

Alimi_a_Mitundu
Zikho zazikulu choncho mbewu yake ingamere kuno? Mphonda zathu zimathera m'poto zisanakule.

MdzukuluWaNsanje
Mtundu wake ndi umodzi ndi zikho zathu zomwezi, kusiyana ndi kakulidwe. Ku chigwa kwathu zipanda zazikulu zimabereka ndithu. Vuto ndi loti anthu anasiya kusamala mbewu chibwerere zigubu za pulasitiki.

Alimi_a_Mitundu
Zoona. Kwathu chikho chomwera thobwa mumachiona pa chinkhoswe pokha, ena mpaka kubwereka.

NaMbewe_Leicester
Inu, thobwa la m'kapu ya pulasitiki silikoma, tisanamizane. Kuno ndinachita kuitanitsa chikho kuchokera kumudzi, anzanga akuntchito ankayesa ndi chokongoletsera.

Koma pa nkhani ya sitar ndili ndi kanga. Kuno ku Leicester kuli Amwenye ambiri amene anabadwira ku Limbe ndi m'matauni ena a kwathu, anasamuka zaka za m'ma 1970. Mukamayenda mu Belgrave Road osamanena miseche m'Chichewa, mudzayankhidwa ndi gogo wovala sari. Neba wanga ndi mmodzi wa iwo, ndipo ali ndi tanpura ya malemu amuna awo. Inang'aluka popanda woigwetsa. Anaiimika pafupi ndi hita nyengo yozizira, mpweya wa m'nyumba unauma, usiku wina anangomva kuti tha! Amene anakonza anawauza kuti isadzayandikirenso hita kapena zenera la dzuwa. Ndiye a Kanyimbi mwezi wa October ukubwerawu samalani, musadzaisiye m'galimoto.

Kalipentala_Ndirande
Tibwerere ku ntchito, dzuwa likupita. A Kanyimbi, funso lalikulu ndi kachidutswa kolowa m'kati kaja. Chikho ndi chotseka, dzanja silingalowe kuti mukakankhire kunja. A Mai_Fiddle, inu mumatani pamenepa?

Mai_Fiddle_Joni
Pali njira ziwiri zimene ndaonapo. Yoyamba, ngati kalowa pang'ono chabe: dulani kamtengo kakang'ono, mumate nsonga yake pamwamba pa kachidutswako ndi kadontho ka guluu, koma pansi pake muyambe mwamata tepi ya pepala kuti polishi asaonongeke. Kakauma mwapeza chogwirira, mumakoka mofatsa mpaka kafanane ndi mbali zinazo. Yachiwiri, ngati kakukana: kawaya kopyapyala kopinda kunsonga ngati mbedza, mumakalowetsa mu mng'alu momwemo, kutembenuza, n'kukoka kuchokera m'kati.

Ndondomeko yonse ndi iyi. Yambani mwayeserera popanda guluu. Kokani kachidutswa, finyani chikho ndi manja muone ngati mng'alu ukutsekeka wonse, ikani tizidutswa titatu tija m'malo mwake, konzekeranitu zomangira. Chitani zimenezi kawiri kapena katatu mpaka manja adziwe njira. Guluu akalowa si nthawi yoyamba kufunafuna lumo.

Kenaka matani tepi mbali zonse ziwiri za mng'alu, kusiya kampata kochepa. Sungunulani guluu ndi timadontho ta madzi, pang'ono zedi, kuti azitha kuyenda. Mulowetseni ndi sirinji yopanda singano kapena ndi chala chovala gulovu, mukusisita modutsa mng'alu. Mukamafinya chikho ndi kuchisiya mofatsa, mng'aluwo umatseguka ndi kutsekeka ngati kamwa, n'kumameza guluu wokha. Mukaona kuti pofinya akutuluka mzere wonse, ndiye kuti wafika paliponse. Pukutani wotuluka, mangani, siyani maola 24 osakhudza. Nsambo musathine mpaka patapita masiku awiri kapena atatu.

Kanyimbi_Chirimba
Kumanga kwake ndimange ndi chiyani? Chinthu chozungulira chonchi kalampu ingagwire?

Kalipentala_Ndirande
Kalampu yachitsulo ayi, mudzangomva phwa kachiwiri. Pitani kwa okonza njinga mukapemphe chubu chakutha, mudule malegeni aataliatali, m'lifupi ngati zala ziwiri. Kulungani chikho ndi kansalu kaye, pa mng'alu penipenipo ikani kapepala ka pulasitiki kuti nsalu isamatirire, ndiye zengani malegeni modutsa mng'alu. Osathina ngati mukumanga thumba la makala pa njinga. Mphira ukazungulira kambiri mphamvu yake imaonjezekera, ndiye kukoka pang'ono pa ulendo uliwonse n'kokwanira. Samalaninso ndi masamba osema aja a pamwamba pa chikho, malegeni asawakanikize m'mphepete.

Dokotala_wa_Mawilo
Ife pa chitsulo kapena pa galasi la galimoto timaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire. Pa chikho sizingathandize?

Mai_Fiddle_Joni
Ena amatero, ndipo nzeru yake ndi yomveka. Ine sindikonda. Ngati nsambo zamasulidwa ndipo guluu walowa mpaka kunsonga, palibe chokankha mng'aluwo. Bowo ndi chinthu china chofunika kudzatseka. Chimene ndingalimbikitse ndi kuyang'ana nsonga zake ndi tochi ya foni mopendeketsa, chifukwa mng'alu nthawi zambiri umapitirira pansi pa polishi kuposa pamene maso akuonera.

Kalipentala_Ndirande
Apa ndiye ndisiyana nanu pang'ono amayi. Za bowo ndavomera, koma ine mtima sukhazikika ndi guluu wa m'mphepete yekha. Khoma la chikho ndi lopyapyala, malo ogwira guluu ndi ochepa, ndipo apa ndi pamene chimatsamira paphazi tsiku ndi tsiku. Ndikanakonda chigamba cha nsalu m'kati.

Mai_Fiddle_Joni
Chigamba cha m'kati ndi chabwino kwambiri, sindikukana. Kansalu kopyapyala ka thonje konyika m'guluu kamalimbitsa zedi. Koma mukalowetsa bwanji? Pakakhala bowo lenileni, inde, mumakapinda, kukalowetsa ndi ulusi pakati, n'kukakokera ku khoma kuchokera kunja. Pakakhala palibe bowo ndiye mpaka mutsegule tabli, ndipo ine sindingauze munthu woyamba kumene kuti atsegule tabli chifukwa cha mng'alu wa masentimita 12. Mankhwala asapose matenda.

Kalipentala_Ndirande
Nanga kachidutswa kobonyoka kaja atangokachotseratu, n'kulowetsera nsalu pamenepo, kenaka n'kukabwezera?

Mai_Fiddle_Joni
Ngati kakugwedera kale kofuna kugwa, eya. Ngati kakugwirabe mbali imodzi, ndingakasiye. Mwini wake ndi amene akukaona.

Kanyimbi_Chirimba
Kakugwira mbali imodzi ngati chitseko. Ndikasiya.

Chigubu_265
Mukamaliza zonsezi mwanayo adzakhala atakwatira.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso langa ndi la thabwa. Kodi khosi ndi kumaso kwake ndi mtengo wanji? Pa zithunzi ukuoneka wofiirira ngati mkungudza.

WakuPune_2
Zambiri ndi mtengo umene kuno amati tun, zina ndi teak. Tun dzina lake la sayansi ndi Toona ciliata.

Mphunzitsi_Wopuma
Aaa, ndiye ndi senderera ameneyo! Mitengo ija yadzaza m'misewu ya ku Zomba ndi ku Blantyre, inachita kubwera kuchokera ku Asia komweko. Ife timangopangira zitseko ndi mabenchi osadziwa kuti anzathu akuimbira nyimbo.

Kalipentala_Ndirande
Ngati ndi senderera ndiye utuchi wake ndili nawo thumba lathunthu. A Kanyimbi mudzatenge wosefa bwino, mudzasakanize ndi guluu potseka timipata totsala. Chikho tili nacho, mtengo tili nawo, chikutiletsa n'chiyani kupanga zathu?

WakuPune_2
Jawari, bambo. Zinazo mukhoza kukopera ndi maso.

Kanyimbi_Chirimba
Ndabweranso patapita masiku anayi. Ndinachita monga munanenera. Kuyeserera kunandithandiza, chifukwa ulendo woyamba malegeni anaterereka n'kundimenya pamphuno, bwenzi zili ndi guluu zikanakhala zina. Njira ya kamtengo inakanika, tepi inkangomatuka. Kawaya ndi kamene kanagwira ntchito, ndinapinda nsambo yoduka ija. Kachidutswa kanabwerera ndi kamawu kakang'ono kuti tiki, ine thukuta kamukamu. Mwa tizidutswa titatu tija, tiwiri tinalowa, kachitatu sindinapeze malo ake mpaka lero. Tochi inaonetsadi kuti mng'alu unapitirira ngati masentimita 2 kumunsi kuposa mmene ndinkaonera.

Pano ndikagogoda pakumveka chimodzimodzi ndi mbali inayo. Koma maonekedwe ndiye ayi. Mzere ukuoneka, ndipo pamene ndinatseka ndi utuchi pali mbuu. Ndipake vanishi wa matabwa?

Mai_Fiddle_Joni
Mwagwira ntchito, achimwene. Vanishi wa m'chitini ayi. Zoimbira zimenezi amapaka shellac, utomoni uja wochokera ku tizilombo ta m'mitengo ya ku India ndi Thailand, wosungunulidwa mu spiriti. Kuti mutsimikize, nyowetsani kathonje ndi spiriti mukhudze malo obisika. Pakayamba kunata ndiye shellac. Ubwino wake ndi woti watsopano amasungunula wakale n'kukhala chinthu chimodzi, ndiye chigamba sichioneka malire.

Salazani pamene pali utuchi pokha ndi sandipepa wosalala kwambiri, 400 kapena 600, mutamata tepi mozungulira. Mtundu muufananitse kaye ndi kautoto kofiirira pa kaburashi kakang'ono, kuyamba mopepuka, chifukwa kuda n'kosavuta koma kuyeretsa n'kovuta. Ndiye shellac wopyapyala, kupaka, kudikira, kupaka, maulendo ambiri. Chenjerani ndi spiriti wa pepo uja wa m'magolosale, mtundu wake ukhoza kutsalira pa malo owala. Ndipo kansalu kakakhala konyowa kwambiri mudzachotsa polishi wakale m'malo moonjezera.

MdzukuluWaNsanje
Kapena ingosiyani chipseracho. Agogo ankati akaona msoko amakumbuka chaka chake.

NaMbewe_Leicester
Ndipo mwanayo akadzakula mudzamuonetse.

Kanyimbi_Chirimba
Abale, vuto lina. Ndathina nsambo dzulo, pang'onopang'ono monga munanenera, mng'alu sunasunthe. Koma ndikaliza nsambo yaikulu pakumveka kamawu kachilendo, ngati kanthu kakunjenjemera. Mtima wanga wagwa. Kodi guluu sanagwire?

Chigubu_265
Mwaona? Mukanamvera ine.

Kalipentala_Ndirande
Khalani chete inu. A Kanyimbi, lizani nsamboyo wina akukanikiza chala pa mng'alu. Ngati kamawuko kasiya, vuto lili pamenepo. Ngati sikasiya, yendani ndi chala paliponse: masamba osema aja, pamene nsambo zimamangiriridwa kumunsi, zitsulo za pakhosi chimodzichimodzi.

WakuPune_2
Onaninso kachikho kachiwiri ka kumtunda kwa khosi ngati yanu ili nako. Za mtundu umene ankaimba katswiri wa sitar Ravi Shankar zimakhala nako, za mtundu wa katswiri winayo Vilayat Khan nthawi zambiri ayi. Kamangopotokoledwa ngati botolo, ndipo pogwa kakhoza kumasuka. Komanso timikanda tija tochunira nsambo kumunsi, ndi ulusi womangira zitsulo. Jawari yang'anani ngati miyendo yonse iwiri yakhala pansi bwinobwino pa chizindikiro chija.

Kanyimbi_Chirimba
Kachikho ka kumtunda kanalidi kofooka, ndathina. Kamawu kachepa koma sikanathe. Kenaka mkazi wanga ananyamula sitar yonse n'kuigwedeza pafupi ndi khutu, ine ndikukuwa kuti samala. M'kati mukumveka kanthu kakugubuduka, tiki tiki.

Mai_Fiddle_Joni
Kachidutswa kachitatu kaja mukuti simunapeze malo ake, kali kuti?

Kanyimbi_Chirimba
Kali m'bokosi la machesi, ndakaona pompano. Ndiye kuti panali kachinayi kamene kanagwera m'kati tsiku lomwelo, ndipo ine ndakatsekera momwemo.

MdzukuluWaNsanje
Kkkkk mwapanga chisekese cha ku India.

Kalipentala_Ndirande
Musatsegule chilichonse. Khosi la sitar ndi lamphako, eti a WakuPune? Ngati mphakoyo inalumikizana ndi chikho, imikani mutu pansi mugwedeze mofatsa, mwina kangatsetsereke n'kutulukira pa bowo la chikhomo chimodzi chothinira nsambo mukachizula.

WakuPune_2
Ndi lamphako ndithu, nsambo za tarab zimalowera momwemo kukafika ku zikhomo zake. Ngati kachidutswako ndi kakang'ono kakhoza kutuluka. Koma zulani chikhomo chimodzi chokha, ndipo kubwezeretsa nsambo ya tarab pa kabowo kake kumafuna kambedza ndi mtima wautali, musadzanditukwane.

Kanyimbi_Chirimba
Ndayesa theka la ola, kakufika penapake n'kuima. Mawa ndiyesanso ndi bowo la kachikho ka kumtunda, ndi lalikulupo. Bambo Kalipentala, shellac ku Limbe ndingamupeze m'mashopu a hardware kapena ndifunse kwa opanga mipando? Loweruka ndidutsa ku shedi kwanu ndi sitar yomwe, mudzaone nokha mzerewo ndisanapake kanthu.

Kalipentala_Ndirande
Yambani kwa opolisha mipando yakale, ndi amene amasunga. Loweruka bwerani m'mawa magetsi asanathime, ndipo musakwere nayo minibasi.